Dzanja Linalo

"Gule ameneyu ali m'magazi mwanga. Mutandidzidzimutsa kutulo n'kundiimbira nyimbo yake, miyendo iyi ingayambe yokha."

Ankalankhulawo anali a Lyuben Shopov, mkulu wa gulu la dziko lathu la baleti, gule wovina pa nsonga za zala, munthu wofuna kuti aliyense, ngakhale akunyumba kwawo, aziwatchula kuti Maestro. Ankauza mtolankhani m'kanjira ka kuseri kwa nsanja, dzanja lili pachifuwa, chibwano chili m'mwamba. Gululi linkakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo iwo anali atalonjeza kuukitsa Chithunzithunzi cha pa Mlatho, gule amene anagona zaka makumi awiri ndi zinayi osavinidwa.

Chapafupi ndi mapazi awo panali mayi wina atagwada, akulongedza nsapato m'dengu. Sanadzutse mutu. Anangodula ulusi ndi mano, n'kunena chamumtima kuti miyendoyo ingayambedi yokha, koma kolowera kwake ndiye akudziwa ndi Mulungu.

Dzina lake linali Spaska. Anali ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi, mwendo wotsimphina, wopanda mwana, wopanda m'bale. M'thumba la epuloni yake munali kalata yomuuza kuti mwezi ukatha apume pa ntchito. Kalatayo inanenanso kuti mabokosi a nsapato zakale a m'chipinda chake cha pansi akatayidwe, chifukwa malowo akufuna kukonzamo pomwera khofi alendo olemekezeka.

Inu amene mukuwerenga izi mtima uli pansi, khalani bwino pampandopo. Nkhaniyi ndi yanu, ngakhale simunaimepo ndi nsonga za zala chibadwire.

Spaska anachokera kunyumba yosungirako ana amasiye. Aphunzitsi a baleti anafikako ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kumapinda mapazi a ana ngati akusankha nsomba pamsika. La Spaska linapindika bwino, ndiye anamutenga. Zaka khumi zotsatira anazimaliza atagwira mtengo wa m'mbali mwa khoma, akudya supu ya nyemba ndi mkate, zikhadabo za kumapazi zikuthothoka n'kumeranso. Kenako analowa m'gulu.

Masiku amenewo gululi silinkakhala pansi. Basi imodzi ya anthu, lole imodzi ya katundu. Ankavina m'matauni a migodi, m'mafakitale a nsalu, m'maholo onunkha nkhosa, ndipo mabokosi awo anadzaza ndi timapepala ta mizinda yakunja imene ovinawo ankangoionera pazenera. Kulikonse kumene ankapita, gule wotsekera anali wa pa Mlatho.

Nthano yake aliyense kwathu amaidziwa. Mlatho ukumangidwa, koma mtsinje ukuugwetsa. Kuti uime, mmisiri ayenera kuyeza ndi chingwe chithunzithunzi cha munthu woyamba kufika, n'kukwirira chingwecho m'khoma. Woyamba kufika ndi mkazi wake, atanyamula chakudya. Pakutha pa masiku makumi anayi mkaziyo wafota. Pansanja, iye amamira pakhomo lotsegukira pansi, ndipo akazi khumi ndi awiri amene anadyedwa ndi milatho ina amabwera kudzamulandira.

Tsiku lina ali ku Sivdol, tauni ya migodi ya kumapiri kumene guleyu anabadwira, wovina wamkulu anadwala. Mbali ya mkazi wa mmisiri anaipereka kwa Spaska. Mmisiri anali mnyamata wa tsitsi lambiri wotchedwa Lyubcho, amene gulu lonse linkadziwa kuti ukamuuza kumanja amayamba wayang'ana dzanja lodyera. Pali pena pamene mkazi amathamanga n'kudumphira paphewa lamanja la mwamuna wake. Spaska anadumpha. Lyubcho anapereka lamanzere.

Phokoso la fupa linamveka mpaka mipando ya kumbuyo.

"Wadumpha msanga," anatero Lyubcho kwa akuluakulu, Spaska akadali pamachira.

Mwana wamasiye akatsutsa, amuikira kumbuyo ndani? Spaska atatuluka m'chipatala anamumvera chisoni n'kumupatsa singano. Atsikana a m'gululo anayamba kunong'onezana kuti chithunzithunzi cha Spaska chinatsala ku Sivdol, n'chifukwa chake anauma choncho.

Ntchito ya nsapato ili ndi nzeru yake. Nsapato ya baleti imabwera yopanda manja, yopanda manzere. Phazi ndi limene limaiphunzitsa. Spaska ankasokerera malamba, kupota ulusi kunsonga kuti zisaterere, n'kulemba kunsi kwake dzina la mwini ndi phazi lake. Wovina akasiya kapena akamwalira, iye ankasunga nsapato zake zomaliza. Kwa zaka khumi ndi zinayi anaonera gule wa pa Mlatho ali m'mbali mwa nsanja, singano ili m'manja, maso ali pa miyendo ya anzake.

Boma litasintha, anthu anati atopa ndi amisiri ndi milatho. Ankafuna akalonga ndi atsekwe oyera ngati a kunja. Guleyo anachotsedwa. Wopeka wake anamwalira osalemba kalikonse, poti gule salembedwa, amangochoka m'thupi kulowa m'thupi. Omuvina anabalalika: ena kumanda, ena kukasamalira nkhalamba kumayiko a eni. Lyubcho tsitsi linatha, n'kusanduka Maestro.

Apa ndi pamene Spaska anayamba chinthu chimene anthu akanati wapenga akanachiona. Ovina akatopa amakumbutsana masitepe ndi manja, dzanja lililonse likuimira phazi. Tsiku lililonse masana, anzake akapita kokadya, iye ankatseka chitseko, kutsegula bokosi lachinayi, losungiramo nsapato za ovina a gule wa pa Mlatho, kuvala nsapato m'manja, n'kuvina gule yense pamwamba pa bokosilo. Mbali ya mkazi, ya mmisiri, ya akazi khumi ndi awiri mmodzimmodzi. Nyimbo ankaiimba ndi mphuno.

Chaka chachitatu anayamba kumva yankho.

Pamwamba pa chipinda chake panali holo yoyesereramo, imene masana inkakhala yokiyidwa. Koma iye akagogoda bokosi ndi nsonga ya nsapato, m'mwambamo munkamveka go, go, go, mapazi ambiri akutsatira. Anakwera kangapo kukasuzumira. Munali magalasi okhaokha ndi fumbi. Wokonza mipope anati ndi madzi. Mwina analidi madzi. Koma madziwo anali ndi khalidwe lachilendo: Spaska akalakwitsa sitepe, ankaima, n'kumudikira kuti abwerere pamene walakwirapo.

Sanauze munthu. Anangozolowera kuwapatsa moni.

Tsopano tibwerere kwa Maestro ndi magazi awo. Zoona zake n'zakuti chimene anali nacho sichinali m'magazi, chinali m'chitini. Kunyumba yosungira zakale anapezako filimu ya guleyo, yosokonekera, yothera panjira. Anaitana gulu lonse kuti lionere. Spaska anaima kumbuyo ndi dengu lake.

Pakhoma panatuluka nkhope za akufa, zotuwa, zikuphethira mofulumira. Mkazi wa mmisiri analowa, kuika chakudya pansi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

Nevena, mtsikana amene anapatsidwa mbali imeneyo, anakweza dzanja. "Maestro, bwanji akuchita mtanda ndi dzanja lamanzere? Ine agogo akanandithyola ndi chipande."

Maestro anamwetulira ngati munthu amene wafunsidwa funso limene amalidikira. "Mwana iwe, luso si kutchalitchi. Wopeka ankatanthauza kuti mkaziyu walowa kale m'dziko la akufa, kumene zonse n'zotembenuzika. Ndinali pomwepo pamene ankafotokoza."

Onse anagwedeza mitu. Woimba piyano analemba mawuwo m'kabuku.

Spaska anayang'anitsitsa. Mphete zaukwati zinali kumanzere, pamene kwathu zimavalidwa kumanja. Kachipsera ka mnzake Todorka, wovina mbali ya mkaziyo, amene iye anamusambitsa yekha tsiku la maliro, kanali patsaya lolakwika. Wina kalekale, pokopera filimuyo, anaiika chagada. Gule yense anali ngati womuonera pagalasi.

Mawa lake anagogoda kuofesi, nsapato yakale ili m'manja.

"Maestro, filimu ija ndi yotembenuzika."

"Spaska, Spaska. Nsapato zatha kusoka?"

"Iyi ndi ya Todorka. Onani kunsiku ndinalemba manja. Onani mmene nsonga inathera. Ankazungulira pa phazi lamanja, osati lamanzere ngati mukuwaphunzitsira anawa. Ndipo khomo lotsegukira pansi la ku Sivdol lili kumanja."

"Ine guleyu ndinamuvina ka mazana atatu."

"Ndikudziwa. Ndinalipo kamodzi."

Maestro anayang'ana pawindo, n'kunena kuti, "Mwezi ukatha tikukonzerani kaphwando. Kudzakhala banitsa, buledi uja wa tchizi. Mukatseke chitseko potuluka."

Milungu itatu anayeserera gule wagalasiyo. Pamene filimu inathera, Maestro anapekapo mathero awoawo, odzaza ndi kudumpha, poti anati anthu a masiku ano amakonda kuona thukuta. Spaska ankasoka. Masana ankavala nsapato m'manja monga mwa nthawi zonse, koma m'mwamba munali zii. Anagogoda mwamphamvu. Zii. Kwa zaka makumi awiri phokoso lija silinamuopsepo. Kukhala chete kumeneku ndi kumene kunamuimitsa tsitsi.

Akanatha kusiya. Kalata inali m'thumba, masiku anali kutha, ndipo palibe anamufunsa kanthu. Koma polongedza katundu wa ulendo wa ku Sivdol, kumene chikondwerero chinayenera kuyambira, anakankha yekha bokosi lachinayi mpaka palole.

"Azakhali, zakufa izi zikupita kuti?" anafunsa dalaivala.

"Kwawo," anayankha Spaska.

Anafika Lachitatu m'mawa, chifunga chitaphimba tauni mpaka mabelu a tchalitchi ankamveka ngati ali pansi pa madzi. Nyumba ya zisudzo inali momwe anaisiyira: mipando yofiira yothothoka, fungo la malasha, nsanja yopendekera kwa oonera. Woyang'anira zingwe ndi makomo anali yemwe uja wa kale, a Gancho, tsopano ogontha khutu limodzi.

"Khomo mulitsegule nyimbo ikafika pa ng'oma," anatero Maestro.

"Musandiphunzitse, bwana. Ndinkalitsegula inu muli ndi tsitsi."

Kuyeserera kunayamba. Anazimitsa nyali zonse kusiya imodzi yapansi, monga guleyo amafunira. Nevena anafota bwinobwino, n'kukaima kumanzere kudikira kuti pansi pamumeze. Akazi khumi ndi awiri ovala zotuwa analowa chambuyo, pa nsonga za zala, nkhope zili kukhoma, akutsetserekera kumanja. Ng'oma inalira. A Gancho, ali kunsi, anakoka chingwe chawo.

Pansi pa Nevena sipanachitike kanthu. Dzenje linatseguka kumbuyo kwa atsikana aja.

"Imani!"

Palibe anali atamvapo Spaska akukuwa. Mawuwo anatuluka ngati chitseko chadzimbiri, ndipo miyendo makumi awiri ndi inayi inauma pomwepo. Wotsogolera mzere anatembenuka pang'onopang'ono. Nsonga ya nsapato yake inali pamphepete penipeni, ndipo kunsi kunali mdima wa mamita atatu ndi zitsulo.

Mutu wa a Gancho unatulukira padzenjepo. "Nanga wakufayo ali kuti? Ndatsegula kalekale."

"Khomoli lili kolakwika!" anakuwa Maestro.

"Lili pano chimangireni nyumbayi. Ndilinyamule ndilipititse uko?"

Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Maestro anakhala pansi pampando wa mzere woyamba. Matikiti a Loweruka anali atatha, nduna inali itaitanidwa, ndipo mtolankhani uja anali pakona akulemba.

Nevena ndiye anayenda mpaka m'mbali mwa nsanja. "Azakhali a Spaska, munadziwa bwanji?"

Spaska anakoka bokosi lachinayi mpaka pakati pa nsanja, mwendo ukukwakwaza. Anatulutsa nsapato za Todorka, kuzivala m'manja, n'kuuza woimba piyano kuti, "Kuyambira pachiyambi. Ndipo musathamange, si ukwati uno."

Anavina gule yense pamwamba pa bokosi. Palibe anaseka. Atafika pamene filimu inathera, sanaime. Mathero enieni analibe kudumpha ngakhale kumodzi. Mkaziyo amangoyesa kunyamula chithunzithunzi chake pansi, katatu, ngati munthu wotola nsalu yomatirira, ndipo akalephera kachitatu amawerama n'kuchitsanzika. Atsikana ena amene anali pafupi amanena mpaka lero kuti go, go, go wa pabokosi ankamveka wochuluka kuposa manja awiri. A Gancho amati ndi matabwa akale.

Kutembenuza filimu kunatenga ola limodzi. Koma miyendo si filimu. Thupi limene laphunzira kumanzere milungu itatu limakakamira kumanzereko ngati mbuzi pa chingwe. Masiku atatu Spaska anakhala pabokosi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, manja ali m'mwamba, akuwerenga.

"Bwerezani. Iwe wachitatu, ukuvina kapena ukupha nyerere?"

"Azakhali, zala zikutuluka magazi."

"Ndiye kuti zilipo. Bwerezani."

Nevena analira kawiri, n'kutaya nsapato kukhoma kamodzi. Spaska anaitola, kuisoka, n'kumubwezera.

Lachisanu anafika pa kudumpha kuja. Spaska anaitana mnyamata wovina mbali ya mmisiri, n'kumumenya paphewa ndi nsapato. "Ili. Lamanja. Mkazi akathamanga sakuonanso, wakukhulupirira basi. Ukapereka linalo wamupha."

Sanayang'ane kumipando. Koma kumeneko kunali munthu amene anali ataimirira mumdima, miyendo yake ikuyesa masitepe yokha monga analonjezera mtolankhani. Phewa limene linatsogola linali lamanzere. Analiyang'ana ngati la munthu wina, n'kukhalanso pansi.

Loweruka anavina masana, monga ankachitira kale kuti a m'migodi aonere asanalowe ntchito. Holo inadzaza ndi nkhalamba zotsokomola ndi amayi ovala zakuda, ena mwa iwo analipo tsiku limene fupa linalira. Nevena anachita mtanda ndi dzanja lamanja. Anadumpha, phewa linamulandira. Anayesa kutola chithunzithunzi chake katatu, ndipo pansi panamumeza pamalo pake. Kenako nyumba inagwedezeka ndi kuomba m'manja.

Maestro anatuluka kudzalandira ulemu, pepala la zolankhula lili m'manja. Linali la masamba anayi, ndipo mawu oti "ine" analimo kokwanira. Analiyang'ana, n'kulipinda.

"Ndili ndi ngongole m'nyumba muno," anatero. "Si ya ndalama, a nduna musagwire thumba. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, mtsikana wina anagwa pamene ndaimapa. Ndinati anadumpha msanga. Sanadumphe msanga. Ndine ndinapereka phewa lolakwika, ndipo ndinadziwa asanafike n'komwe pansi. Gule mwaonayu sanachoke m'magazi mwanga. Wachoka m'manja mwake."

Kumbuyo nkhalamba ina inakuwa kuti, "Ife tinaona, bwana! Timangodikira kuti munene!"

Maestro anayenda mpaka m'mbali mwa nsanja, kumene Spaska anaima ndi epuloni yake, singano itabayidwa pachifuwa. Anawerama mwaulemu wonse wa ntchito yawo, n'kutambasula dzanja kuti amutsogolere kwa anthu.

Spaska analiyang'ana dzanjalo.

"Linalo, Lyubcho."

Holo yonse inafa nacho chiseko, ndi nduna yomwe. Maestro anasintha dzanja, makutu ali psuu, ndipo awiriwo anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, wina akutsimphina, wina akupukuta m'maso ndi phewa.

Nyali yapansi ija inali ikuyakabe. Spaska anaima ndi mapazi onse pansi, m'nsapato zake zakuda za kumsika. Koma pakhoma la mlatho kumbuyo kwake, chithunzithunzi chake chinali chitaima pa nsonga za zala, chowongoka ngati cha mtsikana. Anthu ambiri anachiona. Wamagetsi amati ndi kupendekera kwa nsanja, ndipo ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Kalata ija Maestro anaing'amba okha. Lero Spaska ndi amene amasunga magule akale a gululi, ndipo waukitsa ena awiri amene aliyense ankati anapita. Wa pa Mlatho wabwerera pabasi, akuzungulira matauni monga kale. Alendo olemekezeka amamwera khofi wawo pakhonde. Masana holo yoyesereramo simakiyidwanso, chifukwa mumakhala atsikana amoyo, ndipo go, go, go akamveka palibe amafunsa kuti mapaziwo ndi angati.

Ndiye inu amene anakuikani kuchipinda cha pansi, amene anakunamizirani n'kukupatsani singano m'malo mwa nsanja, mverani. Chimene mukudziwa musachitaye chifukwa choti palibe akuchifunsa. Chibwerezeni tsiku ndi tsiku, ngakhale ndi manja okha, ngakhale pamwamba pa bokosi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzenje likadzatseguka adzafuna amene akudziwa mbali yake, ndipo tsiku limenelo lidzakupezeni mukukumbukira. Mtima musautaye, ugwireni zolimba. Ndi dzanja lamanja.